Namondwe akawononga nyumba kapena bizinesi ku America: kapezedwe ka thandizo la FEMA ndi ngongole ya SBA

Amene anaona namondwe wa Freddy m'Malichi 2023 akudziwa mmene thandizo limayendera kwathu: anthu amasonkhana pamsasa, amfumu ndi komiti amalemba mayina, kenaka ufa, nyemba ndi malona zimafika kudzera ku DoDMA ndi mabungwe. Ku United States sizikhala choncho. Namondwe akadutsa ku Florida, Texas, Louisiana, Georgia kapena North Carolina, musadikire kuti wina abwere kudzakulembani dzina. Mumalembetsa nokha, umboni mumabweretsa nokha, ndipo chilichonse chili ndi tsiku lake lotsekera. Malangizo awa ndi a abale athu amene ali ndi nyumba, akuchita lendi kapena akuyendetsa kabizinesi m'madera amenewa, kumene nyengo ya anamondwe imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala.

Ndalama zimachokera m'matumba atatu. Loyamba ndi inshuwalansi yanu. Lachiwiri ndi FEMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene imapereka ndalama zosabweza koma zochepa. Lachitatu ndi SBA, nthambi yoona za mabizinesi ang'onoang'ono, imene imabwereketsa pa chiwongoladzanja chotsika. Dzinalo lisakusocheretseni, SBA imabwereketsanso eni nyumba ndi ochita lendi omwe alibe bizinesi iliyonse. Lamulo limakana kuti boma lilipire chinthu chimene wina walipira kale, choncho thumba lililonse limayamba lafunsa zimene linzake lakupatsani.

Musanagwire tsache

Ntchito yoyamba mukabwerera kunyumba ndi kujambula, osati kusesa. Jambulani kunja mbali zonse zinayi, nambala ya nyumba ionekenso, kenaka chipinda chilichonse. Pamene madzi analekezera pakhoma ikani tepi yoyezera kuti pachithunzi paoneke kuya kwake. Firiji, sitovu, makina ochapira ndi zoziziritsira m'nyumba muzijambule pamodzi ndi kachikwangwani kokhala ndi nambala ya chipangizocho. Chuku chimayamba kumera pakadutsa maola 24 mpaka 48, ndiye kapeti yonyowa ndi mabolodi a khoma otchedwa drywall sizingadikire woyendera wa inshuwalansi kapena wa FEMA. Zitulutseni, koma dulani kachidutswa ka chilichonse musunge m'pepala lapulasitiki ngati umboni.

Denga lobooka liphimbeni ndi lona mwamsanga. Makampani a inshuwalansi amakana kulipira zimene zawonongeka pambuyo pake chifukwa mwini sanateteze. Pa anamondwe ena aakulu, monga Ian mu 2022 ndi Milton mu 2024, a nthambi ya boma ya zomangamanga ya US Army Corps of Engineers ankaphimba madenga kwaulere pa ndondomeko ya Operation Blue Roof, ndiye funsani ngati yatsegulidwa kwanuko. Jenereta ikhale panja, mamita 6 kapena kuposerapo kuchokera pazitseko ndi mawindo. Mpweya wake wa carbon monoxide suoneka, sununkha, ndipo umapha anthu amene namondweyo anawasiya amoyo.

Gulani kope limodzi ndi envulopu yaikulu. M'kopemo muzilemba tsiku, dzina la amene mwalankhula naye ndi zimene wanena. M'envulopumo muziponya lisiti lililonse: la hotela, la lona, la mafuta, la mmisiri. Zonse muzizijambulanso n'kudzitumizira pa imelo, chifukwa mapepala amanyowa ndipo foni imatayika.

Mphepo ndi madzi si chinthu chimodzi

Apa ndi pamene ambiri amalira. Inshuwalansi wamba ya nyumba imalipira zimene mphepo yawononga, ndi mvula yolowera padenga loboolidwa ndi mphepo. Siilipira madzi okwera kuchokera pansi, kaya a mtsinje kapena a m'nyanja okankhidwa ndi namondwe. Amenewo ali ndi inshuwalansi yawoyawo, makamaka ya boma yotchedwa NFIP, imene imafika $250,000 pa nyumba ndi $100,000 pa katundu wa m'nyumba, ndipo pa nyumba ya bizinesi $500,000 ndi ina $500,000 pa katundu. Imayamba kugwira ntchito patatha masiku 30 chiigulireni, choncho kuigula nkhani ya namondwe ili kale pa wailesi n'kuchedwa. Namondwe wa Helene atagwa ku Florida pa 26 Sepitembala 2024 anakasefukiza mitsinje kumapiri a ku Asheville ku North Carolina, kutali ndi nyanja, kumene mabanja ambiri analibe inshuwalansi ya madzi.

Werenganinso gawo limene mumadzilipirira nokha, lotchedwa deductible. Pa namondwe kawirikawiri limawerengedwa pa peresenti ya mtengo umene nyumba inalembetsedwa. Nyumba ya $300,000 yokhala ndi 2 peresenti, $6,000 yoyamba ndi yanu. Ikakhala 5 peresenti, ndi $15,000.

Kampani muiimbire tsiku lomwelo, tengani nambala ya dandaulo lanu, ndipo chilichonse chimene aweruza mupemphe chibwere pa kalata. Ngakhale mukudziwa kuti akana, kalata yokanayo ndi yofunika, pakuti FEMA siingapitirire popanda kuiona. Pa NFIP pali chikalata cholumbira cha zowonongeka chotchedwa Proof of Loss, chimene lamulo limati chifike m'masiku 60, kupatula ngati FEMA yalengeza kuti yawonjezera nthawi.

Kulembetsa ku FEMA

Thandizo la FEMA kwa mabanja limatseguka pokhapokha bwanamkubwa wa steti wapempha, Pulezidenti wavomereza kuti ndi ngozi yaikulu, ndipo county yanu (dera la m'steti, ngati boma kwathu) yatchulidwa pa gawo la Individual Assistance, la thandizo kwa anthu ndi mabanja. Mawu amenewa muwayang'anitsitse, chifukwa county ikhoza kutchulidwa pa Public Assistance yokha, imene ndi ya misewu, milatho ndi sukulu. Ngati yanu palibe, kanenenibe za kuwonongekako ku ofesi ya ngozi ya county, poti ma county ena amawonjezeredwa akawerengera zowonongeka.

Mungalembetse pa DisasterAssistance.gov, pa apu ya FEMA, pa foni ya 800-621-3362, kapena pa malo amene amatsegula otchedwa Disaster Recovery Center. Nthawi yake ndi masiku 60 kuchokera tsiku la chilengezo. Musadikire kuti a inshuwalansi amalize, lembetsani lero mapepala awo adzatsatira. Khalani pafupi ndi nambala ya Social Security, adiresi ya nyumba yowonongekayo ndi ya kumene mukugona pano, foni yoti akupezereni, zikalata za inshuwalansi, ndalama zimene banja lonse limapeza pachaka msonkho usanachotsedwe, ndi manambala a akaunti ya kubanki. Mukamaliza amakupatsani nambala ya madijiti 9. Ilembeni patsamba loyamba la kope lija, ndipo muziilemba pa pepala lililonse limene mukutumiza.

Pofotokoza zowonongeka musachite manyazi aja akwathu oti "tilipo, tikuthokoza". Tchulani zonse: denga, magetsi, chitsime ngati muli nacho, thanki ya zimbudzi, galimoto, magalasi a maso, mankhwala amene anawonongeka firiji itazima. Akafunsa ngati mungasamuke kaye pamene nyumba ikukonzedwa, dziwani kuti kuyankha kuti ayi kumatseka ndalama ya lendi ya pogona pongoyembekezera. Zinthu zikasintha, imbani musinthe yankholo.

Nkhani ya mapepala okhalira m'dzikomo ndi imene imakhudza kwambiri anthu athu. Ndalama ya FEMA imaperekedwa kwa nzika ya America ndi kwa amene lamulo limawatcha qualified alien, monga a green card, othawa kwawo amene analandiridwa ndi amene anapatsidwa asylum. Wa viza ya sukulu, ya ntchito yakanthawi kapena ya ulendo sali m'gululi. Koma munthu mmodzi woyenerera pabanja ndi wokwanira. Ngati muli ndi mwana wosakwana zaka 18 amene ndi nzika ndipo mumakhala naye, kholo lingalembetse m'malo mwa mwanayo pogwiritsa ntchito nambala ya Social Security ya mwanayo. Musaname pa funso limeneli, fomuyo ndi yolumbira ndipo bodza lake ndi mlandu umene ungawononge mapepala anu mtsogolo. Ngati mukukayika, yambani mwalankhula ndi loya. Pa ngozi zolengezedwa pamakhala maloya aulere a Disaster Legal Services othandiza opeza zochepa. Pogona pamsasa, chakudya, madzi ndi thandizo la mabungwe monga Red Cross ndi mipingo sizidalira mtundu wa viza.

Pakhomo limodzi amalembetsa kamodzi. Ngati ndinu anthu osakhala pachibale amene mumangogawana lendi, aliyense akhale ndi umboni wakewake woti amakhala pamenepo, ndipo munene zimenezi poyambirira, apo ayi kompyuta imakuonani ngati munthu mmodzi wolembetsa kawiri n'kuimitsa mafomu onse.

Zimene FEMA imalipira

FEMA siibwezeretsa nyumba mmene inalili. Cholinga chake n'chakuti nyumba yanu yeniyeni, imene mumagonamo nthawi yambiri pachaka, ikhalenso yotetezeka, yaukhondo ndi yokhalika. Nyumba yachiwiri kapena imene mumachititsa lendi siiwerengedwa. Pa ngozi zolengezedwa kuyambira pa 1 Okutobala 2024, malire anali $43,600 pa kukonza nyumba ndi ina $43,600 pa zosowa zina monga katundu wa m'nyumba, galimoto, chipatala, maliro ndi olera ana. Chaka cham'mbuyo mwake anali $42,500, ndipo amasintha pa 1 Okutobala chaka chilichonse. Amenewa ndi malire chabe, ambiri amalandira zochepa kwambiri.

Pa 22 Malichi 2024 malamulo anasintha m'njira zothandiza. Panabwera kandalama kofulumira ka chakudya, madzi, matewera ndi mankhwala, kamene kanali $750 pa Helene ndi $770 pa Milton. Ena anamva ngati thandizo lonse lathera pomwepo, chonsecho n'koyambira chabe. Panabweranso ndalama ya pogona ya masiku 14 kwa amene sangabwerere kunyumba. Amene inshuwalansi yawalipira koma yapelewera angathandizidwe pa zotsalazo. Wodzilemba yekha ntchito, monga wometa, wosoka kapena wotchetcha kapinga, angapemphe thandizo pa zida zake zogwirira ntchito. Ndipo sakukakamizanso kuti muyambe mwafunsira ngongole ya SBA musanaganiziridwe pa katundu wa m'nyumba.

Ndalama ya FEMA siidulidwa msonkho. Muigwiritse ntchito pa zimene kalata yanena, ndipo malisiti asungidwe zaka zitatu. Ngati gulu la Amalawi kapena mpingo wakusonkherani ndalama, kapena mwatsegula tsamba losonkhera ndalama pa intaneti la GoFundMe, samalani ndi mawu amene mwalemba. Mukalemba kuti ndi zokonzera denga, FEMA siingalipirenso denga lomwelo.

Woyendera, kalata ndi apilo

Woyendera wa FEMA amaimba pa nambala yachilendo, nthawi zina ya steti ina. Yankhani. Akakuyesani kangapo osakupezani, fomu yanu imaima. Amavala chiphaso chokhala ndi chithunzi, amakhala nayo kale nambala yanu ija, salipiritsa, ndipo safunsa za akaunti ya kubanki. Mumuonetse chiphaso chanu, umboni wa umwini monga deed, kalata ya ngongole ya nyumba kapena lisiti la msonkho wa nyumba, ndi umboni woti mumakhalamo monga bilu ya magetsi, pangano la lendi kapena laisensi yoyendetsera galimoto. Muyende naye chipinda ndi chipinda, pakuti chimene sanalembe sichilipiridwa.

Kalata yoyamba ikanena kuti simunavomerezedwe, musaitaye. Iwerengeni mpaka kumapeto. Kawirikawiri vuto limakhala pepala limodzi: kalata ya inshuwalansi sinafike, dzina la pa fomu likusiyana ndi la pa khadi la Social Security, kapena umboni wa pokhala sunakwanire. Za mayinazi zimatigwera kwambiri ife amene tili ndi dzina lina pa pasipoti, lina pa laisensi. Muli ndi masiku 60 kuchokera pa deti la kalatayo, osati tsiku limene mwailandira, kuti muchite apilo. Ngati mukuona kuti ndalama yachepa, apilo yamphamvu ndi yokhala ndi mtengo wolembedwa ndi kontirakitala wa laisensi, wotchula ntchito iliyonse payokha, wonena kuti chinawononga ndi namondwe, ndiponso wokhala ndi foni yake kuti FEMA imufunse. Yankho lingatenge mpaka masiku 90.

Ngongole ya SBA ya nyumba

Pa nyumba yowonongeka kwambiri, ndalama yeniyeni yomangiranso ili kuno. Mwini nyumba angabwereke mpaka $500,000 yokonzera nyumba imene amakhalamo, ndipo mwini nyumba kapena wochita lendi angabwereke mpaka $100,000 ya katundu, kuphatikizapo galimoto. Kubweza kungafike zaka 30. Kwa amene sangapeze ngongole kwina chiwongoladzanja sichipitirira 4 peresenti, kwa amene angathe sichipitirira 8 peresenti. Pa Helene chotsikitsitsa cha eni nyumba chinali 2.813 peresenti. Miyezi 12 yoyamba kuchokera pamene mwalandira gawo loyamba simubweza kanthu ndipo chiwongoladzanja sichiwerengedwa. Mungawonjezere mpaka 20 peresenti ya zowonongeka zimene SBA yatsimikiza kuti mulimbitse nyumba, monga kuikweza, kumangirira denga ndi zitsulo kapena kuika zotchingira mawindo.

Langizo lathu n'lakuti funsirani ngakhale simunatsimikize mtima. Kufunsira n'kwaulere, mukavomerezedwa simukakamizidwa kutenga, koma masiku 60 akadutsa kuchokera tsiku la chilengezo khomo limatsekeka, ndipo nthawi zambiri munthu amazindikira kuti inshuwalansi yapelewera patapita miyezi. Inshuwalansi ikadzalipira, gawo lofanana ndi zimene SBA inakubwereketsani limapita kukachepetsa ngongoleyo. Amafunsira pa lending.sba.gov kapena pa 800-659-2955. M'Okutobala 2024 thumba la SBA linauma chifukwa cha Helene ndi Milton mpaka nyumba ya malamulo ya Congress itawonjezera ndalama m'Disembala, ndipo amene anapitiriza kutumiza mafomu ndi amene anali patsogolo pa mzere.

Eni mabizinesi

FEMA siipereka ndalama ku bizinesi. Njira yanu ndi SBA, ndipo ili ndi ngongole ziwiri zimene pamodzi sizipitirira $2 miliyoni. Yoyamba ndi ya zinthu zogwirika: nyumba, makina, mashelefu, katundu wogulitsa, ngakhale zimene munakonza ndi ndalama zanu m'shopu ya lendi. Tsiku lake lotsekera ndi la masiku 60 lija. Yachiwiri, yotchedwa EIDL, ndi ya ndalama zoyendetsera bizinesi pamene malonda aima: malipiro a antchito, lendi, mabilu ndi ngongole za mwezi ndi mwezi. Imeneyi mungaipeze ngakhale pashopu sipanasweke kanthu, malinga msewu unatsekeka, magetsi anazima kapena makasitomala anasamuka. Ili ndi miyezi 9 yofunsira. Si yokulitsira bizinesi kapena yobwezera phindu limene munataya, ndipo wogwiritsa ntchito ngongole ya SBA pa zina mwadala angalamulidwe kubweza ndalamayo kuphatikizapo theka lake pamwamba.

Konzani mapepala awa: mafomu a msonkho a bizinesi a zaka zaposachedwa, fomu 4506-C ya IRS, bungwe lotolera msonkho, yolola SBA kuona msonkho wanu, SBA Form 413 ya chuma cha mwini aliyense amene ali ndi 20 peresenti kapena kuposa, Form 2202 ya ngongole zonse za bizinesi, ndi Form 1368 ya malonda a mwezi uliwonse. Amafunsanso za mapepala okhalira m'dziko a eni akewo. Chimene chimagwetsa mabizinesi ang'onoang'ono ambiri ndi ichi: SBA imayeza mphamvu yanu yobwezera poona zimene munauza IRS. Ngati munkagulitsa pa kashi n'kumalemba zochepa, kapena zaka zina simunatumize mafomu a msonkho, pepala lidzasonyeza bizinesi yosatha kubweza. Ngongole ya boma imene munasiya kulipira ndi ndalama yosamalira ana imene yatsalira zimaimitsanso fomu. Tumizani mafomu a msonkho otsalawo msanga, ndipo alangizi aulere a Small Business Development Center angakuthandizeni kusanja mabuku. Mukakanidwa muli ndi miyezi 6 yopempha kuti aonenso, mutakonza chimene atchula.

SBA imatenga milungu. Masteti ena ali ndi ngongole yodikirira, monga Florida imene imatsegula Small Business Emergency Bridge Loan ya mpaka $50,000 yopanda chiwongoladzanja, yobweza m'nthawi yochepa. Alimi njira yawo ndi ina, ya Farm Service Agency ku unduna wa zaulimi, USDA.

Ngati ntchito yaima ndipo simuli woyenerera ndalama wamba ya ochotsedwa ntchito, monga zimakhalira ndi oyendetsa Uber kapena ogulitsa paokha, pali Disaster Unemployment Assistance ya mpaka milungu 26. Amafunsira ku ofesi ya ntchito ya steti, ndipo umboni wa ntchito yanu uyenera kufika m'masiku 21 chifunsireni. Ku msonkho, zimene mwataya ndipo palibe wakubwezerani zimalembedwa pa Form 4684, ndipo pa ngozi yolengezedwa mungasankhe kuzilemba pa msonkho wa chaka chatha kuti ndalama ibwere msanga. Ngongole ya nyumba siiima yokha ngakhale nyumba itagwa. Imbirani kampani imene mumalipirako mupemphe kupuma kwa miyezi, ndipo mufunse bwinobwino mmene miyezi yodumphidwayo idzabwezedwere. Cheke chachikulu cha inshuwalansi chimabwera ndi dzina lanu ndi la kampani ya ngongoleyo, ndipo iwo amatulutsa ndalamayo pang'onopang'ono akamaona ntchito.

Musanayambe kumanga

Pitani ku ofesi ya zilolezo zomangira ya mzinda kapena county. Ngati nyumba ili m'dera limene mapu a FEMA amati limasefukira, ndipo mtengo wokonzera wafika theka la mtengo wa nyumbayo isanawonongeke, osawerengera malo, lamulo limati imangidwe motsatira miyezo yatsopano, kawirikawiri ikwezedwe. Womanga popanda chilolezo angauzidwe kuti agumule. Amene ali ndi NFIP angapeze mpaka $30,000 yothandizira kukweza kumeneku. Mukalandira thandizo la boma pa zowonongeka ndi madzi m'dera lotere, mwavomerezanso kusunga inshuwalansi ya madzi, ndipo mukaisiya, pa chigumula chotsatira sadzakuthandizani pa nyumbayo.

Amisiri ogogoda pakhomo ndi magalimoto a masteti ena amachuluka sabata yoyamba. Fufuzani laisensi pa intaneti ya steti, pezani mitengo kwa anthu atatu, pangano likhale lolembedwa, musalipire zonse ntchito isanathe, ndipo musasayine pepala lopereka ufulu wanu wa inshuwalansi kwa kontirakitala musanalionetse kwa loya. Palibe kontirakitala "wovomerezedwa ndi FEMA". Wokuberani mukamunene ku National Center for Disaster Fraud pa 866-720-5721.

Pa anamondwe aakulu Congress imaperekanso ndalama zomangiranso kudzera ku unduna wa nyumba, HUD, zotchedwa CDBG-DR, zimene steti imagawa yokha, monga inachitira Louisiana pa ndondomeko ya Road Home pambuyo pa Katrina wa 2005, ndi Texas General Land Office pambuyo pa Harvey wa 2017. Zimafika patatha chaka kapena zaka, ndipo zimayamba ndi mabanja opeza zochepa. Pamenepo adzafuna kalata ya FEMA, ya SBA, ya inshuwalansi ndi malisiti onse a m'envulopu ija. Dola iliyonse imene munalandira yokonzera nyumba koma simungasonyeze kumene inapita, amaichotsa pa zimene akanakupatsani.